PFUPA LOTHYOKA NDI CILONDA CA PA KAMA

Munthu akathyoka mwendo pansi pa mgodi, kapena akagundidwa ndi galimoto pa mseu, abale ace onse amafunsa funso limodzi: kodi pfupa lidzalumikizana? Funso limeneli ndi loyenera, koma pfupa liri ndi nzeru zace. Dotolo akaliongola ndi kuligwiriziza pa malo pace, limadzilumikiza lokha. La pa dzanja m'masabata ngati 6, la m'nchafu m'miyezi 3 kapena kuposerapo. Coopsa cimene abale sacikumbukira ndico kama amene wodwalayo adzagonapo masiku onsewo. Munthu amene anapulumuka mwala wogwa ku denga la mgodi akhoza kufa ndi cilonda cimene cinayamba ngati kadontho pa matako. Cilonda cimeneci cimapewedwa ndi maso ndi manja a anthu omsamalira, ndipo nzeru yace ndi yoyenera kudziwika m'nyumba iri yonse ya m'komboni.

MMENE CILONDA CIYAMBIRA

Ali yense anaonapo udzu umene unakhala pansi pa njerwa masiku angapo. Pocotsa njerwayo udzu umapezeka wacikasu ndi wofota, ngakhale palibe amene anaudula. Khungu la munthu limacita cimodzimodzi. M'khungu ndi m'mnofu muli timitsempha ta mwazi tating'ono kopambana tsitsi, timene timabweretsa mpweya ndi cakudya. Munthu akagona, kulemera kwa thupi lace kumatsamira pa malo pamene pfupa liri pafupi ndi khungu, ndipo pamenepo mnofu umapanikizika pakati pa pfupa ndi kama. Timitsempha timatsekeka monga paipi ya madzi yopondedwa ndi gudumu. Mwazi ukaleka kufika kwa maora awiri, ndipo mwa odwala ena ngakhale nthawi yocepera pamenepo, mnofu umayamba kufa.

Munthu wamphamvu sacita cilonda cotere cifukwa thupi lace limamcenjeza. Wokwera basi kucokera ku Kitwe kumka ku Chipata amamva dzanzi, nasuntha pa mpando osaganizira n'komwe, ndipo wogona tulo amatembenuka kambiri usiku umodzi. Koma womangidwa mwendo, wothyoka msana, wofa ziwalo, wokomoka, ndi nkhalamba yofooka sangathe kutembenuka okha. Ena mwa iwo samva n'kupweteka komwe.

Malo oopsa ndi awa: kumunsi kwa msana pamwamba pa matako, zidendene, mbali zonse ziwiri za ciuno, akakolo, zigongono, mapewa ndi nkhongo. Kwa wokhala pa mpando, malo oopsa ndi mafupa awiri a m'matako amene amakhalira. Cilonda cimakula msanga khungu likanyowa ndi mkodzo, cimbudzi kapena thukuta. Likakhuzika pokoka wodwala pa nsalu. Ndiponso wodwala akamatsetsereka pa kama wokwezedwa kumutu, pakuti pamenepo khungu limatsala pa nsalu pamene pfupa likutsika, ndipo mnofu umang'ambika m'kati. Kawiri kawiri kuonongeka kumayambira pafupi ndi pfupa, monga bango lobooledwa ndi nankafumbwe m'kati kunja likali losalala. Cifukwa cace kadontho kooneka pamwamba kakhoza kubisa dzenje lalikulu.

Anamwino amawerenga masitepe anai a cilondaci. Pa sitepe loyamba khungu liri losang'ambika koma lasintha maonekedwe. Pa laciwiri pamatuluka thuza kapena khungu lapamwamba limasupuka. Pa lacitatu dzenje lafika ku mafuta a pansi pa khungu. Pa lacinai mnofu, mtsempha kapena pfupa lenileni limaoneka. Sitepe loyamba limatha m'masiku ocepa wodwala akaleka kugonerapo. Lacinai limatenga miyezi, nthawi zina limafuna opareshoni, ndipo tizirombo tikalowa m'pfupa kapena m'mwazi munthu akhoza kufa.

AMENE ANATSEGULA MASO A ZIPATALA

Pa nkhondo yaikulu ya 1914 kufikira 1918, asilikari ambiri olasidwa msana anafa m'masabata ocepa, ndipo otsala anatha pang'ono pang'ono ndi zilonda za pa kama ndi matenda a cikhodzodzo ndi impso. Madotolo anayesa kuti imfa yotere ndi yosapeweka. M'caka ca 1944, Dotolo Ludwig Guttmann anatsegula nyumba ya othyoka msana pa cipatala ca Stoke Mandeville ku England. Iye analamula kuti wodwala ali yense atembenuzidwe pa maora awiri ali onse, usana ndi usiku, ndipo anali kuyendera odwala ngakhale usiku kuona ngati lamulolo likusungidwa. Anthu amene kale akadafa anakhala ndi moyo, nayamba kugwira nchito ndi kucita masewera. Mpikisano umene iye anauyambitsa pa cipatalaco m'caka ca 1948 ndiwo unabala masewera a Paralympics, amene anacitika koyamba ku Rome m'caka ca 1960.

M'caka ca 1962, namwino wa ku London dzina lace Doreen Norton anaonetsa njira yodziwira wodwala amene ali pafupi kucita cilonda cisanaoneke. Namwino amayang'ana zinthu zisanu: mphamvu ya thupi, kudziwa kwa mutu, kuyenda, kutembenuka pa kama, ndi kugwira mkodzo ndi cimbudzi. Pa ciri conse amapereka nambala kuyambira 1 kufikira 4. Wamphamvu amapeza 20. Wopeza 14 kapena kucepera ali pa ngozi. Pambuyo pace panabwera miyeso yina, wa Waterlow m'caka ca 1985 ndi wa Braden m'caka ca 1987, ndipo yonse imaphunzitsa cinthu cimodzi, cakuti namwino ayenera kuyesa wodwala m'maora oyamba atagonekedwa, ndi kumuyesanso matenda ace akasintha.

Kuno ku Zambia bungwe loyang'anira maphunziro ndi kaundula wa anamwino linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1970, ndipo kucokera pa lamulo la 2019 dzina lace ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia. Namwino wolembedwa m'kaundula amayankha mlandu pa kasamalidwe kace, kaya agwira nchito pa University Teaching Hospital ku Lusaka, kaya pa cipatala ca ku migodi. Kutembenuza wodwala ndi mbali ya nchito imene iye anaphunzira, yolingana ndi kupereka jekeseni pa nthawi yace.

NCHITO YA MASO NDI MANJA

Anthu a ku mgodi amadziwa kuti denga la mwala siliyesedwa kamodzi kokha. Gulu liri lonse polowa limayamba kugogoda denga ndi citsulo, pakuti mwala umene unali wolimba m'mawa ukhoza kumasuka madzulo. Khungu la wodwala limafuna mwambo womwewo. Namwino, kapena mbale wokhala pambali pa kama, ayang'ane malo onse oopsa tsiku liri lonse, ndiponso nthawi iri yonse potembenuza wodwala.

Mabuku ambiri akale a unamwino analembedwa poyang'ana khungu loyera, nanena kuti cizindikiro coyamba ndi kufiira kumene sikucoka podina ndi cala. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndipo wodikira kufiira amazindikira mocedwa. Wosamalira ayang'ane pa kuwala kwabwino, nalinganize mbali yina ya thupi ndi inzace. Malo amene ada kopambana khungu lowazungulira, kapena akunyezimira, kapena akutentha, akuzizira, auma gwa, kapena afewa ngati papaya lakupsa, kapena pamene wodwala anena kuti pakuwawa, ndiwo malo odwala. Wodwala asagonerenso pamenepo kufikira patacira.

Potembenuza, maora awiri ndiwo muyeso wa wogona pa matiresi wamba kapena pa mphasa. Pa matiresi opangidwira odwala namwino akhoza kutalikitsako nthawi, atayamba waona mmene khungu likucitira. Wodwala asagonekedwe pa pfupa la ciuno ceniceni. Apendekedwe pang'ono cabe, ngati madigiri 30, ndi mtsamiro kumsana ndi wina pakati pa maondo. Zidendene zilenjekeke m'mwamba, mtsamiro uli pansi pa akatumba, kuti dzanja lithe kupita pakati pa cidendene ndi kama. Kumutu kwa kama kusakwezedwe kopitirira madigiri 30, kupatula pa nthawi ya kudya kapena pamene dotolo walamula cifukwa ca kupuma. Posuntha wodwala anthu awiri amnyamule pa nsalu, osamkoka. Nsalu yoyala ikhale youma ndi yosakwinyika, yopanda nyenyeswa za buledi kapena mcenga. Namwino wabwino amalemba pa pepala nthawi ndi mbali imene wodwala wagonera, kuti wolowa usiku adziwe poyambira.

Pali zizolowezi zina zimene zipatala zinaphunzitsa zaka zapitazo, zimene tsopano zinaleka cifukwa zinapezeka kuti zimaononga. Kusisita mwamphamvu malo amene ayamba kudwala kumaphwanya mnofu wofooka kale. Kupaka sipiriti kumaumitsa khungu ndi kuling'amba. Kukhazika wodwala pa nkhata, kapena pa cubu ca galimoto copopa, kumatsekereza mwazi m'mbali monse mwa bwalolo. Cofunika ndi kusambitsa ndi madzi ofunda ndi sopo wosawawa, kupukuta mogunda pang'ono pang'ono, ndi kudzoza mafuta ocepa pa khungu louma kapena pamene mkodzo umafika.

Pa nkhani ya mkodzo ndi cimbudzi, manyazi apha anthu. Bambo wamkulu amaopa kunena kuti wadzinyowetsa, ndipo mwana amaopa kuyang'ana matako a kholo lace. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Banja lisankhe munthu woyenera monga mwa mwambo wace, mkazi wa wodwala, mbale wace kapena msuweni, amchinge ndi nsalu pomsambitsa, koma malowo aonedwe ndithu tsiku ndi tsiku.

CIKHAKHA

Cikhakha, cimene ambiri amacicha pulasitala, cinayamba kumangidwa ndi nsalu zothiridwa ufa woyera m'njira imene dotolo wa asilikari wa ku Holland, Antonius Mathijsen, anailongosola m'caka ca 1852. Cimalimba m'mphindi zocepa, koma kuti ciume kwathunthu pamapita masiku awiri kapena atatu. Cikali cacinyezi cinyamulidwe pa zikhato, pakuti nsonga za zala zimasiya timaenje timene m'kati timasanduka timapiri tokanikiza khungu. Dzanja kapena mwendo ukwezedwe pa mtsamiro kuti kutupa kutsike, ndipo wodwala agwedeze zala kawiri kawiri.

Ngozi yaikulu ya masiku oyamba ndi kutupa m'kati mwa cikhakha kapena m'kati mwa mnofu, kumene kumatseka mwazi. Zizindikiro zace ndi kupweteka kumene kukukulirakulira ndipo sikumva mankhwala, kupweteka koopsa wina akaongola zala za wodwala, dzanzi, zala zotupa, zozizira, zotuwa kapena zakuda, ndi kulephera kuzigwedeza. Munthu wotere abwerere ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, pakuti m'maora ngati 6 mnofu ukhoza kufa, dzanja nkupindika kosaongokanso, kapena mwendo nkudulidwa. Kudikira tsiku lolembedwa pa kadi ndiko kutaya ciwalo.

Cikhakha cimabisanso zilonda. Kuwawa ngati moto pa malo amodzi, makamaka pa cidendene, pa kakolo kapena pa cigongono, kusanyozedwe. Ndipo kukaleka kokha si ndiye kuti pacira, cifukwa khungu lakufa silimva. Pfungo loipa, banga lonyowa lotulukira kunja, malo otentha pa cikhakha, ndi kutentha thupi zimafuna kuti dotolo aboole zenera ndi kuona. Pakuyabwa wodwala asalowetse waya, kamtengo kapena singano yolukira, ndipo makolo aone kuti mwana sakuponyamo ndalama kapena timiyala. Cikhakha cisanyowe, ndipo munthu asacidule yekha kunyumba.

KUKOKA MWENDO

Wothyoka pfupa la m'nchafu nthawi zina amagonekedwa ndi cingwe ndi zitsulo zolemera zokoka mwendo, kwa masabata 6 kufikira 12. Poyenda naye kucokera pa malo a ngozi amam'manga m'citsulo cochedwa Thomas splint, cimene Hugh Owen Thomas wa ku Liverpool anacipanga, ndipo cinapulumutsa asilikari ambiri kuyambira m'caka ca 1916. Kucokera pamene Gerhard Küntscher wa ku Germany anayamba kulowetsa msomali wautali m'kati mwa pfupa m'caka ca 1939, odwala ambiri amadzuka msanga atacitidwa opareshoni. Nkhalamba yothyoka pfupa la m'ciuno madotolo amayesetsa kuicita opareshoni m'tsiku limodzi kapena awiri ndi kuiimiritsa m'mawa mwace, pakuti kugona nthawi yaitali kumabweretsa zilonda, cibayo ndi kuundana kwa mwazi m'miyendo. Komabe kukoka kukali kugwira nchito, makamaka kwa ana ndi pamene zipangizo zacepa.

Wokokedwa mwendo sangathe kugona cammbali monga ena, cotero kumunsi kwa msana ndi zidendene zace ziri pa ngozi yoposa. Aphunzitsidwe kudzikweza pogwira citsulo colenjekeka pamwamba pa kama ndi kuponda ndi mwendo wabwino, kuti mwazi ubwerere ndi kuti wosamalira aone khungu ndi kuongola nsalu. Zitsulo zolemera zilenjekeke momasuka, osakhudza pansi kapena kama. Mlendo wacifundo amene amazikweza pa mpando kuti mbale wace apumule amasuntha pfupa limene linayamba kugwirana. Pamene msomali walowa m'khungu patsukidwe monga namwino alangiza, ndipo mafinya, kutupa kapena kugwedera kwa msomali zinenedwe msanga. Bandeji isakanikize kunja kwa bondo kumunsi pang'ono, pakuti pamenepo pamapita mtsempha umene umakweza phazi. Ukapsinjika phazi limagwa, ndipo munthu amayenda molikoka. Wodwala apume mozama, atsokomole, ndi kugwedeza akakolo kambiri pa tsiku.

WOTHYOKA MSANA

Kusamalira wothyoka msana kumayambira pamene wagwera. Anzace asamkhazike tsonga, asampinde, asamnyamule manja ndi miyendo ngati thumba. Mutu umodzi susenza denga: pafunika anthu anai kapena asanu, mmodzi wogwira mutu ndi kulamula, kuti mutu, msana ndi miyendo ziyendere pamodzi monga mtengo umodzi. Amgoneke pa macira olimba kapena pa thabwa, koma pofika ku cipatala acotsedwe pa thabwalo msanga, cifukwa thabwa lomwelo limayambitsa cilonda. Potembenuza pa kama njira ndi yomweyo, kufikira dotolo atanena kuti msana wagwira.

Munthu amene miyendo yace inafa adzasamala khungu lace moyo wace wonse. M'mawa ndi madzulo adziyang'ane ndi kalirole, kapena wina amuone. Pokhala pa mpando wa magudumu akhale pa mtsamiro wopangidwira nchitoyo, ndipo pa mphindi 15 kufikira 30 ziri zonse aweramire kutsogolo kapena cammbali kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Asaike makiyi kapena ndalama m'thumba la kumbuyo, nsapato zisamthine, ndipo asayandikize mapazi ku mbaula, pakuti adzapsa osadziwa.

KUNYUMBA

Zilonda zambiri zimayamba wodwala atatuluka m'cipatala, pamene mkazi wace ali yekha ndi ana, msika ndi usiku wautali. Munthu mmodzi sangathe kudzuka pa maora awiri ali onse kwa miyezi. Banja ligawane nthawi monga amuna agawana mashifiti, ndipo abale, anansi ndi a mpingo amene amabwera kudzazonda apatsidwe gawo lao. Asanatuluke m'cipatala, wosamalira apemphe namwino kuti amuonetse ndi manja kutembenuza, kunyamula ndi kuika mitsamiro, ndipo iye ayese pamaso pa namwinoyo. Safunsa anadya phula.

Cakudya ndi mbali ya mankhwala. Phala ndi nsima zokha sizimanga mnofu. Wodwala adye nyemba, nsawa, kapenta, mazira, mkaka, nyama ikapezeka, ndiwo zamasamba ndi zipatso, ndipo amwe madzi okwanira. Odwala ena amakana kumwa poopa kubvutitsa anzao ndi mkodzo, koma thupi louma limacita zilonda msanga ndipo impso zimadwala. Fodya amacepetsa mwazi wofika ku khungu ndi kucedwetsa pfupa kulumikizana. Wodwala shuga asunge mankhwala ace bwino, pakuti shuga wokwera amaletsa cilonda kupola.

Khungu likang'ambika, banja lisathire phulusa, mafuta a galimoto, ufa wa m'batire kapena mapiritsi osinja. Aphimbe ndi nsalu yoyera yocapa, wodwala aleke kugonera pamenepo, ndipo namwino aone cilondaco m'masiku omwewo. Cilonda cakuda, conunkha, cotuluka mafinya, kapena wodwala akayamba kutentha thupi, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu, apite ku cipatala tsiku lomwelo.

Pali odwala ena ofooka kwambiri, makamaka amene ali pafupi kumwalira, amene khungu lao limaonongeka ngakhale asamalidwe bwino, ndipo banja lotere lisadziimbe mlandu. Koma zilonda zambiri za pa kama ndi zopeweka. Mbale ali ndi ufulu wofunsa namwino mwaulemu kuti wodwala anatembenuzidwa nthawi yanji, ndi kupempha kuti aone pamodzi msana ndi zidendene. Namwino wodziwa nchito yace amakondwera ndi funso lotere, cifukwa m'nyumba ya odwala ambiri maso a mbale amathandiza maso ace. Dotolo amaongola pfupa tsiku limodzi, ndipo amene amasunga munthuyo kufikira atayendanso ndiwo amene amamtembenuza pa maora awiri ali onse.